Mzati Wotsala Pakhomo pa a Magret

Mukamayenda m'boma la Chiradzulu, kaya ndi ku Nguludi, ku Mauwa kapena ku Namitambo, mudzaona mizati yambiri yoima yokha. Pena yazungulira mjigo umene unaleka kutulutsa madzi kalekale. Pena yanyamula chikwangwani cha chitukuko chimene palibe akuchikumbukira, utoto utasuluka, pangotsala mawu akuti "mothandizidwa ndi". Penanso pali geti lachitsulo, lokhoma bwinobwino ndi loko, koma uku ndi uku kuli mbee, chifukwa waya wa mpandawo anaudyera pa tsiku lotsegulira. Zitukukozo zinafa. Mizati ilipo, yowongoka, ngati alonda amene anaiwala kuwauza kuti kampani inatsekedwa. Yambiri mwa iyo anaimika ndi a Flywell Namakhuwa.

Ntchito yawo inali imodzi yomweyo. Ena amamanga zipupa, ena amakhoma malata, iwo ankaimika mizati m'konkire. Ankakumba dzenje lolowa mkono wonse, kunsi kotakasuka kuposa kukamwa, kuti mzati ukafuna kutuluka uzikakamira. Pansi ankaponyapo miyala kuti mtengo usakhale m'madzi. Tsinde ankalipaka oyilo wakuda wotsala m'galimoto, kuti chiswe chikafika chibwerere chokhumudwa. Akathira konkire ankaitsendera ndi chitsulo mpaka mpweya wonse utuluke, pamwamba n'kusalaza motsetsereka kuti madzi a mvula asadikhe. Kenako ankaphimba ndi masamba a nthochi n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. "Konkire siuma, imakhwima," ankatero. "Ukaimana madzi idzakuchititsa manyazi."

Koma pakhomo pawo panalibe mzati ngakhale umodzi wa m'konkire. Mpanda unali wa udzu, wogwa chaka ndi chaka. A Flywell anabadwira ku Namitambo, n'kudzakwatira a Magret m'mudzi wina kufupi ndi Mauwa. Kuno mwamuna amatsata mkazi. Malo ndi a akazi a m'banjamo ndi ana awo, ndipo mwamuna wobwera, mkamwini, amalima chimanga ndi nandolo, zinthu zokolola n'kutha. Zokhalitsa m'nthaka amazisiyira eni nthaka. Palibe amene anawauzapo a Flywell lamuloli. Ankalidziwa monga munthu amadziwira kutalika kwa chitseko cha nyumba yake.

Woyang'anira malowo anali a Hamilton, mchimwene wa a Magret, mwini mbumba, amene alongo ake ndi ana awo ankathamangirako pakagwa nkhani. Iwo ndi a Flywell anakalamba limodzi pa bawo, pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, akuberana njere ndi kunyozana.

"Alamu," ankatero a Hamilton, "simenti yonseyi mumathira kwa eni ake, kwanu kuno mbuzi zikulowa ngati m'tchalitchi?"

"Ndikuopa kumera mizu, alamu. Mungadzavutike pondizula."

Onse ankaseka, ndipo a Hamilton ankapezerapo mpata wosuntha njere.

A Magret anali mayi wamfupi, wapakamwa pakuthwa, wogulitsa tomato ndi mandasi pa Mauwa. Ana awo aamuna anapita kukakhala akamwini kwa eni ake, monga anachitira bambo awo. Pakhomo panatsala mwana wamkazi, Deborah, ndi ana ake m'nyumba yoyandikana. Matenda a shuga a Magret anayamba ndi ludzu losatha n'kukathera m'maso. Ku chipatala cha Nguludi anayesa zimene akanatha, kenako anawauza mosabisa kuti masowo sabwereranso.

Chimene chinawapweteka a Magret si mdima. Chinali chakuti ulendo wa kuchimbudzi unasanduka wa anthu awiri. Mayi amene ankasenza dengu la tomato mpaka kumsika osapumira, tsopano ankakhala pakhonde kudikira kuti wina adutse, ndipo ankachepetsa dala kumwa madzi kuti asavutitse anthu. A Flywell ataona zimenezi anazika nsungwi kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi, n'kumangapo chingwe. Zinayenda bwino mpaka mvula itabwera. Nthaka inafewa, chiswe chinachita mbali yake, ndipo m'mawa wina nsungwi inagonja m'manja mwa a Magret. Anagwera pa chitsa. Bala la pabondo, kwa munthu wa shuga, linatenga dzinja lonse kuti lipole.

Bala lisanapole n'komwe, a Flywell anabwera ndi thumba la simenti panjinga. A Hamilton anawapeza akusakaniza mchenga ndi miyala pabwalo.

"Alamu, ndikumva fungo la simenti. Kapena mphuno zanga zakalamba?"

"Mphuno zili bwinobwino, alamu. Ndi mizati yoti azigwira achemwali anu."

"Nsungwi zatha m'dziko muno?"

Asanayankhe, mawu a Magret anachokera pakhonde. "Achimwene, musavutike, auzeni asiye. Inuyo muzingobwera tambala akalira kudzandiperekeza kuchimbudzi. Komatu dziwani kuti shugayu amandituma pafupipafupi. Mubwere ndi mkeka wanu."

A Hamilton anakanda kumutu, n'kunena kuti iwo amangodutsa kudzabwereka pampu ya njinga. Tsiku limenelo anathandiza kutunga madzi othirira konkire, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Mizati inali ya bulugama wokhwima. Inayambira pakhomo penipeni, n'kulowera kukhitchini, n'kukhota kupita kubafa ndi kuchimbudzi, n'kukathera pa mtengo wa mapeyala. Waya a Flywell anaumanga poyerekeza msinkhu wa a Magret. Pa mzati wa kukhitchini anakhomapo chitsekerero cha botolo, pa wa kubafa anamangapo kansanza, kuti dzanja lizidziwa pamene lafika. Anakana kuti wina aliyense augwire wayawo konkire isanakhwime, ngakhale a Magret ankawalalatira kuti akufuna adzayambe kuyenda ali m'bokosi.

A Magret atayamba kuyenda, pakhomo panabwereranso phokoso. Ankadzuka okha, kutambasula dzanja, kupeza mzati wa pakhomo, n'kutsata waya. Ankasenda nandolo pansi pa mapeyala, kukalipira nkhuku zimene sankaziona, ndi kuuza a Hamilton kuti akumva kulira kwa njere yobedwa. Mzati wa pakhomo uja, poti ndi umene ankayambira ndi kumalizira ulendo uliwonse, unada n'kusalala mbali imodzi ngati mpini wa khasu lakale.

Koma chabwino chikachitika pamudzi popanda chilolezo, posakhalitsa pamafika galimoto yoyera. Imeneyi inasochera ikufuna mudzi wina. Munali a Trevor, a bungwe lina loona za anthu olumala, amene anatsika kuti afunse njira n'kuona mayi wosaona akuyenda yekha atanyamula poto. Njira sanafunsenso. Anajambula mizati, anajambula waya, anajambula ndi kansanza komwe, n'kulengeza kuti apeza luso lochokera kwa anthu eni ake, limene bungwe lawo linakhala likulifunafuna m'misonkhano ya m'mahotela kwa zaka zambiri.

Mwambo unachitika mwezi wotsatira. Kunabwera tenti, mipando ya pulasitiki ndi zokuzira mawu zokwanira bwalo la mpira. Wolandira alendo anatchula aliyense mwaulemu wake, kuyambira mlendo wolemekezeka mpaka woyendetsa galimoto. A Hamilton sanatchulidwe, poti pa ndondomeko ya bungwe panalibe udindo wotchedwa mwini mbumba. Anakhala pa njerwa, chifukwa mipando inali ya alendo. A Magret anawayendetsa pa waya, n'kuwabwezanso, n'kuwayendetsanso, wojambula akudandaula za dzuwa.

"Kodi mukufuna ndilowenso m'chimbudzimo?" anafunsa a Magret. "Nenanitu, ndikonzeke."

Alendo anaseka n'kuwomba m'manja, ati mayiyu ndi wolimba mtima.

Pomaliza anatsitsa chikwangwani chachitsulo cha miyendo iwiri. Panalembedwa kuti: PAKHOMO PACHITSANZO. MWINI MALO: BAMBO FLYWELL NAMAKHUWA. A Flywell atawerenga anawakokera pambali a Trevor.

"Bwana, apa palakwika. Malo ano si anga. Ine ndine mkamwini."

"Bambo, ife timalemba mutu wa banja."

"Mutu ndine, koma nthaka ndi ya mayiwa ndi abale awo."

"Mawuwa anavomerezedwa kulikulu," anatero a Trevor mokoma mtima. "Kuti tisinthe pafunika msonkhano, ndipo misonkhano ya chaka chino inatha. Musadandaule, ndi ulemu wanu. Komanso ndi katundu wa bungwe ameneyu, wochizula adzayankha mlandu. Ndiye poti katswiri ndinu, tiimikireni nokha. Simenti tabwera nayo."

A Flywell akanatha kukumba dzenje losaya, n'kuchepetsa simenti, mphepo ya mvula yoyamba n'kumaliza nkhani. Nzeru imeneyo inawafikira patapita chaka. Tsikulo anakumba mkono wonse, kunsi kotakasuka, miyala pansi. Manja awo sanaphunzirepo kuimika chinthu choti chidzagwe.

A Hamilton anaima patsogolo pa chikwangwanicho, akuwerenga ndi milomo. Anachoka osadya mpunga wa mwambo. Kuyambira tsiku limenelo bawo linakhala lovundikira.

Madzulo ake a Magret anauza Deborah kuti awawerengere chikwangwanicho. Atamva anatembenukira kwa amuna awo.

"Chizuleni chimenecho, abambo a Deborah."

"Ati ndi mlandu."

"Mlandu wa galimoto yoyera umabwera n'kupita. Panopa ndikukutchingirani ndi pakamwa pangapa. Kodi pakamwa pamakhala mpaka kale?"

A Flywell anati adikire a Trevor abwerenso, akambirane mwaulemu. Anayesa foni yawo kangapo. Inkayankhidwa ndi mayi wina wofatsa, kunena kuti nambalayo sikupezeka.

A Magret anamwalira nyengo yozizira, chimanga chitalowa m'nkhokwe. M'mawa umenewo a Flywell anadikira kumva waya ukulira monga unkachitira dzanja likaugwira, ndipo sunalire. Anawaika kumanda a kwawo, pafupi ndi mayi awo, kungowoloka kamtsinje kuchokera pakhomo.

Patapita miyezi, mabanja awiri anakumana pabwalo kuti asudzule wotsalayo, ndiko kumumasula ku ukwati umene imfa yathetsa. Mwamuna akasudzulidwa amabwerera kwawo. Koma nkhalamba imene yakhala bwino ndi anthu nthawi zambiri amaiuza kuti, "Khalani, muziona ana." A Flywell sankafuna china koma mawu amenewo. Ku Namitambo anachokako ali mnyamata. Munda wa mayi awo anagawana kalekale ana a alongo awo, ndipo anthu owadziwa kumeneko ambiri anali kumanda. Kuno kunali nyumba imene anaumba njerwa zake, zidzukulu, ndi manda ongowoloka kamtsinje.

Wowalankhulira anali Vitalis, mwana wa mlongo wawo, amene anagwirapo ntchito yonyamula makalata pa ofesi ina n'kutengerako chikhulupiriro chakuti cholembedwa sichitsutsika. Anaimirira, n'kukonza jekete.

"Akuluakulu, tisatayepo nthawi. Nkhani yochoka kapena kukhala palibe apa. Zinalembedwa kale." Analoza kumsewu. "Chikwangwani icho. Mwini malo. Si ife tinalemba."

A Flywell anamukoka jekete, koma mawu anali atatuluka. Kumbali ya amayi kunamveka kung'ung'udza ngati njuchi. Musawaweruze msanga amayi amenewo. Ku Chiradzulu minda ndi yopanikizana moti munthu akayetsemula m'munda mwake, chimfine amadwala ndi wa munda winawo. Aliyense wa iwo anali ndi mwana wamkazi wofuna pomanga.

A Hamilton analankhula atayang'ana pansi. "Alamu, ine ndilibe nanu mlandu. Mlongo wanga munamusunga kuposa mmene ndikanamusungira ine. Koma mawa inu ndi ine tidzapita. Adzatsala ndi awa," analoza Vitalis ndi chibwano, "ndi chitsulo chawocho. Ndiye mawu anga ndi awa, onse amve. Zulani chilichonse chimene munaika ndi simenti m'nthaka muno. Nthaka ibwerere mmene munaipezera. Mukatero khalani mpaka Mulungu adzakuitaneni."

Anthu anavomera kuti mlandu waweruzidwa mwachifundo. Ngakhale a Flywell anawomba m'manja.

Anayamba ndi chikwangwani, ndipo chimenecho anachikumba ndi mtima wonse. Sanaopenso mlandu wa bungwe. Koma apa ndi pamene anakumana ndi ntchito yawo kuchokera kunsi. Dzenje lotakasuka pansi silibweza chimene linalandira. Ankayenera kukumba mozungulira, kutsika mpaka m'chiuno, kutema mizu, kenako kupendeketsa ndi chitsulo mpaka chibuluma cha konkire chituluke, chachikulu ngati mtsuko wa mowa. Anali munthu wa imvi, ndipo msana unkawakumbutsa zimenezo usiku uliwonse.

Kenako mizati ya a Magret. Anayambira kutali, pa mapeyala. Anamasula waya n'kuukulunga. Wa kuchimbudzi unatuluka, wa kubafa unatuluka ndi kansanza kake, wa kukhitchini ndi chitsekerero chake. Mitengoyo anthu ankaipempha kukasonkhera moto, ndipo zibuluma ankazigubuduzira ku chigwembe chimene mvula inakumba kuseri kwa mudzi. Dzenje lililonse ankalikwirira n'kulipondaponda. Pabwalo panayamba kuoneka ngati sipanayendepo munthu wosaona.

Unatsala wa pakhomo. M'mawa anatuluka ndi khasu ndi chitsulo, n'kuugwira kuti augwedeze, monga ankachitira ndi ina yonse asanayambe kukumba. Dzanja lawo linagwera pamtengo wokhakhala. Analitsitsa pang'ono, pa msinkhu wa munthu wamfupi, n'kupeza posalala paja. Anaima choncho. Kenako anaika khasu pansi n'kukhala pakhonde. Dzuwa linakwera, linapendeka, iwo ali pomwepo.

Deborah anabwera ndi madzi akumwa. Anayang'ana mzati, n'kuyang'ana bambo ake.

"Ababa, uzuleni tiusunge m'nyumba. Palibe adzautenge. Ndiuika kuchipinda kwanu."

"Mzati wozula ndi nkhuni, mwanawe."

"Ndi mtengo womwewo, ababa."

"Amayi ako sankaufunafuna. Ankangotambasula dzanja, n'kuupeza pamenepa. Ndikauchotsa, ndikhala pano ndikuyang'ana chiyani?"

"Muziyang'ana ife," anatero Deborah. "Ife si anthu?"

A Flywell anamwa madzi n'kubweza kapu ndi manja awiri, ngati mlendo.

Deborah anathamangira kwa atsibweni ake, a Hamilton, kukawapempha kuti mzati umodzi wokha aukhululukire. A Hamilton anabwera okha mawa lake, atanyamula khasu lawo.

"Alamu, watsala umodzi."

"Ndauona."

"Ndabwera kudzathandiza. Awiri titha dzuwa lisanatenthe. Kenako tivundukule bawo lija, ndikukwapuleni."

"Iyayi, alamu."

"Musandivutitse, a Namakhuwa. Ndinalankhula pamaso pa anthu. Ndikasiya umodzi, mawa a jekete aja adzati malire ayambira apa. Kamtengo kamodzi kakuchotseni pamudzi?"

"Munalankhula bwino, ndipo musabweze." A Flywell anayesa kumwetulira. "Paja ndinakuuzani kuti simudzavutika pondizula. Uwu ndiye ungakuvuteni. Ine ayi."

A Hamilton anatembenuka n'kuyang'ana phiri la Chiradzulu nthawi yaitali, ngati aliona koyamba.

A Flywell ananyamuka Loweruka m'mawa. Panjinga anamangapo fosholo, chitsulo chotsenderera, bulangete ndi kachikwama ka zovala. Sanakwere. Anaikankha mpaka kumanda, anaima pang'ono, n'kupitirira. Zidzukulu zinawaperekeza mpaka pamsewu, zikufunsa kuti abwera liti kuchokera kuntchitoko.

Chaka chotsatira galimoto yoyera inabweranso kudzaona mmene chitsanzo chikuyendera. A Trevor anali atakwezedwa, kunabwera wina. Anapeza chikwangwani chasanduka chitseko cha khola la mbuzi za Deborah, malemba atayang'ana mkati, kuti mbuzi zidziwe mwini malo. Anafunsa mafunso pang'ono, anagwedeza mutu, ndipo akuti anakanena kulikulu kuti vuto la anthu akumudzi ndi lakuti chitukuko sachitenga ngati chawo.

Mzati ulipo. A Hamilton anati chigamulo chinali choti azule ndi amene anauimika, ndipo wina aliyense wougwira ndi khasu adzaonana ndi iwo. Palibe waya, palibe mzati unzake, ndipo alendo amafunsa ngati ndi womangirapo mbuzi.

A Flywell amakhala m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya Vitalis ku Namitambo. Akawaitana kukaimika mizati amapitabe, ngakhale masiku ano amakumba atagwada. Lamulungu lina, mvula ikayandikira, amapalasa njinga kupita ku Mauwa ndi kabotolo ka oyilo wakuda. Akafika amatsamiritsa njinga, n'kuima patsogolo pa chitseko chimene anakhoma okha.

"Odi kuno!"

"Ababa, ndinakuuzani kuti musamaodire pano," amayankha Deborah ali m'nyumba.

Iwo amaodirabe. Ndipo podikira kuti awalandire, dzanja lawo limakhala pamzati, chapansi pang'ono, posalala paja.